Kodi mankhwala a m'munda amawatani mazira a achule ndi mbululu?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu analemba:

Akuluakulu, ndikupempha amene amadziwa za mankhwala a ulimi kapena za zamoyo zam'madzi kuti andithandize pa funso limene ndikufuna kukaliyankha bwino pamaso pa ophunzira anga. Ndimaphunzitsa za ulimi ndi za zamoyo pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Ntcheu, kumene mabanja ambiri ali ndi madimba a tomato, kabichi ndi mbatatesi, ndipo kupopera mankhwala ndi ntchito ya sabata ndi sabata. Mabuku amene timagwiritsa ntchito amangonena mwachidule kuti mankhwala ophera tizilombo amawononga zamoyo zam'madzi, koma safotokoza kuti kuwonongako kumachitika motani, makamaka kwa achule, amene moyo wawo umayambira m'zithaphwi ndi m'ngalande zomwezo zimene madzi ochokera m'minda amathera.

Chimene ndikufuna kumvetsa ndi ichi: kodi chule amakhala pangozi yaikulu pa msinkhu uti, ali dzira, ali mbululu, kapena pamene akumera miyendo ndi kutaya mchira? Alimi anzanga ndikawafunsa amandiyankha kuti madzi a m'dambo ndi ambiri, kotero kamankhwala kamene katsikirako kamasungunuka n'kutha mphamvu. Kodi zimenezi n'zoona? Ndaonanso kuti pa mabotolo ambiri pamajambulidwa nsomba pochenjeza kuti mankhwalawo asalowe m'madzi, koma chule satchulidwa. Kodi n'chifukwa chakuti achule ndi olimba kuposa nsomba, kapena opanga mankhwala sawayeza n'komwe?

Nkhaniyi ndaiika pamtima chifukwa ana amene ndikuwaphunzitsawa ndi amene mawa adzakhale akusenza sipuleya kumsana, ndipo ndikufuna adzadziwe chimene chimachitika m'madzi a kumunsi kwa dimba lawo. Ndithokoza aliyense amene aikepo mlomo.

Wophunzira za zamoyo zam'madzi anayankha:

Aphunzitsi, mwafunsa bwino, ndipo ndiyambira pa msinkhu. Dzira la chule lilibe chikamba. Limangokutidwa ndi zolendalenda zoonekera mkati, zimene zimatchinga zina mwa zinthu zosungunuka m'madzi koma zambiri zimadutsa. Mwa mtundu wa chule wotchedwa Xenopus laevis, amene akatswiri amamugwiritsa ntchito kwambiri poyeza mankhwala ndipo kwawo ndi kum'mwera kuno kwa Africa, dzira limaswa pakatha masiku 2 kapena 3, ndipo pofika tsiku la 4 msana, ubongo, maso, mtima ndi matumbo zimakhala zitaumbika kale. Chilichonse chimene chasokoneza ntchito imeneyi m'masiku ochepawa sichikonzekanso. N'chifukwa chake pali njira yoyezera mankhwala yotchedwa FETAX, imene mazira a chuleyu amaikidwa m'madzi oyezedwawo kwa maola 96, kenako amawerenga amene afa, amene apindika msana, amene atupa thupi ndi amene afupika.

Komabe mankhwala ambiri amapha kwambiri mbululu ikangoswa kumene, pamene zolendalenda zija zachoka. Mbululu imapuma ndi makha komanso ndi khungu lopyapyala, ndipo imadya mwa kupala ndere ndi matope a pansi, kumene mankhwala ambiri amakamatirira. Choncho mankhwala amailowa ponseponse, pakhungu, m'makha ndi m'mimba.

Nthawi yosintha thupi ndi ina yoopsa, ndipo pamenepa mpofunika kufatsa. Chimene chimauza mbululu kuti imere miyendo, isungunule mchira, itaye makha ndi kufupikitsa matumbo ndi mahomoni ochokera m'chithokomiro, omwewo amene ife anthu tili nawo. Zimenezi zinadziwika mu 1912, pamene Friedrich Gudernatsch ku Prague anadyetsa mbululu nyama ya chithokomiro cha hatchi, mbululuzo n'kusanduka tiachule ting'onoting'ono nthawi isanakwane. Mbululu imene chithokomiro chake chatsekeredwa imangokula ili mbululu, osasintha. Ndikutchula zimenezi chifukwa cha tomato ndi mbatatesi za kwanuko. Dithane, amene alimi amapopera poteteza mbewu ku chiwawu, mankhwala ake ndi mancozeb, ndipo mancozeb akamaphwanyika amatulutsa chinthu chotchedwa ethylene thiourea, chimene chimasungunuka msanga m'madzi ndipo chimalepheretsa chithokomiro kupanga mahomoni. Poyeza pa Xenopus, chinthu chimenechi chimachedwetsa kusintha kwa mbululu. Maiko a European Union anakana kuvomerezanso mancozeb kumapeto kwa 2020, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kusokoneza mahomoni.

Tsopano za kusungunuka. Alimi anzanuwo akunena zoona pa mbali imodzi: mankhwala akachuluka madzi, mphamvu yawo yopha nthawi yomweyo imachepa. Koma mahomoni amagwira ntchito m'thupi pa mlingo wochepa kwambiri, kotero chinthu chowasokoneza sichifunikanso kuchuluka. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi atrazine, mankhwala ophera udzu m'minda ya chimanga ndi nzimbe. Mu 2002 Tyrone Hayes wa ku University of California ku Berkeley anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti mbululu za Xenopus zoleredwa m'madzi okhala ndi mayikulogalamu 0.1 a atrazine pa lita imodzi, zina zinakula zili ndi ziwalo zoberekera zachimuna ndi zachikazi pamodzi. Mlingo umenewu ndi wofanana ndi galamu imodzi yosungunulidwa m'migolo 50,000 ya malita 200. Pa mayikulogalamu 1 pa lita, kholingo la achule aamuna, limene amaitanira nalo aakazi nthawi ya mvula, linali laling'ono kuposa la anzawo oleredwa m'madzi oyera. Mu 2010 gulu lake linalera achule amene onse anali aamuna mwachibadwa m'madzi a mayikulogalamu 2.5 pa lita, ndipo chule mmodzi pa 10 alionse anasanduka wamkazi weniweni, wokhoza kukweredwa ndi kuikira mazira amene anaswa. Ambiri mwa otsalawo anali ndi umuna wochepa ndiponso chilakolako chochepa chokwera. Ku America madzi akumwa amaloledwa kukhala ndi atrazine wofika mayikulogalamu 3 pa lita.

Pa funso la chithunzi cha nsomba pa botolo, yankho n'lakuti kwa zaka zambiri malamulo ovomerezera mankhwala m'maiko ambiri sankalamula kuyeza pa achule. Ankayeza pa nsomba, mbalame, makoswe, njuchi ndi tizilombo tam'madzi, n'kuganiza kuti nsomba ikuimira mbululu ndipo mbalame ndi makoswe zikuimira chule wa pamtunda. Pa mbululu ganizolo nthawi zambiri silipita patali ndi choonadi pankhani ya kufa msanga, koma pa chule wa pamtunda n'lolakwika, chifukwa khungu lake limamwa madzi ndi zonse zili m'madzimo. Mu 2013 Carsten Brühl wa ku Germany anapopera tiachule tongotuluka kumene m'madzi ndi mitundu 7 ya mankhwala ogulitsidwa m'masitolo, pa mlingo wolembedwa pa botolo, ndipo mtundu umodzi wa mankhwala oteteza ku matenda a mbewu, wokhala ndi pyraclostrobin, unapha tonse m'kati mwa ola limodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kwathu kuno ndi nyengo. Achule ambiri amaikira mazira mvula yoyamba yamphamvu ikangogwa, mu Novembala ndi Disembala, ndipo masiku omwewo ndi amene mlimi wa chimanga amapopera mankhwala ophera udzu pa dothi lopanda chophimba. Mvula yotsatira imakokolola mankhwalawo n'kuwathira m'chithaphwi chosaya, chosayenda, chimene mazira ali m'menemo.

Mlangizi wa ulimi wopuma pa ntchito anayankha:

Achimwene amene mwayankha pamwambapa, mwafotokoza momveka bwino za chithokomiro ndi za nyengo, ndipo pamenepo ndilibe chotsutsa. Koma pa atrazine ndikuona kuti Aphunzitsi ayenera kumva mbali zonse, kuopa kuti angakaphunzitse ngati nkhani yogamulidwa kale pamene akatswiri eni ake akadali kukangana. Bungwe loona za chilengedwe la boma la America, EPA, linalamula kampani ya Syngenta, imene imapanga atrazine, kuti ichititse kafukufuku wamkulu wobwereza. Kafukufukuyo, amene anatsogolera Werner Kloas, anachitikira m'malo awiri osiyana, ku Germany ndi ku America, pa milingo yoyambira mayikulogalamu 0.01 kufika 100 pa lita, ndipo sanapeze kusintha kwa ziwalo zoberekera. Mu 2007 EPA inagamula motsatira zimenezo. Ku South Africa nakonso, Louis du Preez wa ku Potchefstroom ndi anzake anayerekeza achule a Xenopus a m'madera olima chimanga ndi a m'madera oweta ng'ombe, ndipo sanapeze kusiyana koonekeratu. N'zoona kuti ndalama za kafukufuku ameneyu zinachokera ku kampaniyo, ndipo ambiri amamukayikira pa chifukwa chimenecho, koma wophunzira ayenera kudziwa kuti alipo. Komanso pamene European Union inachotsa atrazine mu 2004, chifukwa chimene inapereka chinali chakuti ankapezeka m'madzi a pansi pa nthaka mopitirira malire, osati achule.

Ndikunena izi chifukwa ndagwira ntchito ndi alimi moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa chimene mankhwala ophera udzu amatanthauza kwa mayi wamasiye amene ali ndi maekala awiri a chimanga koma alibe ndalama za aganyu opalira. Ulimi wa mtayakhasu, umene takhala tikuulimbikitsa kuti nthaka isamakokoloke, m'malo ambiri umadalira mankhwala ophera udzu monga Roundup, Harness ndi Bullet. Tikawauza alimi kuti mankhwala onse ndi poizoni wa achule basi, sadzatimvera, ndipo sadzalakwa.

Chimene ndikuona kuti chili ndi umboni wolimba, ndipo mlimi angachitepo kanthu, ndi nkhani ya Roundup m'madzi. Mankhwala enieni a mu Roundup ndi glyphosate, ndipo iye payekha sapha mbululu kwambiri. Vuto lili pa chinthu china cha mtundu wa sopo chimene amasakanizamo kuti mankhwala amatirire pa tsamba ndi kulowa mkati, chotchedwa POEA. Chimenechi chimawononga makha a mbululu, n'kulephera kupuma. Ku Australia anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1990, analetsa kupopera mitundu yotere pafupi ndi madzi, ndipo kampani inatulutsa mtundu wina wosakaniza mosiyana wotchedwa Roundup Biactive. Mu 2005 Rick Relyea wa ku University of Pittsburgh anathira Roundup m'matanki okhala ndi mbululu za mitundu itatu, pa mlingo wa mamiligalamu 3.8 pa lita, umene ungafikidwe ngati munthu wapopera mwachindunji pamwamba pa madzi osaya, ndipo m'masabata atatu mbululu 96 mpaka 100 pa 100 zilizonse zinafa. European Union inaletsa kusakaniza POEA ndi glyphosate mu 2016.

Mlingo wotere sufika m'madzi chifukwa cha mvula yokha. Umafika chifukwa cha manja athu. Amene anayendapo m'madimba akudziwa zimene ndikunena: mnyamata amatsika ndi sipuleya ku chitsime cha m'dimba, amaika botolo pa mwala m'mphepete mwa madzi, amayeza mankhwala ndi chitsekerero, amatunga madzi ndi keni yomweyo yothirira, thovu likusefukira pansi. Akamaliza kupopera amabwerera pomwepo kudzatsuka sipuleya, n'kukhuthulira zotsukazo m'ngalande, botolo lopanda kanthu n'kuliponya m'bango. Madzi oyamba otsukira sipuleya ndi amphamvu kwambiri kuposa chilichonse chimene mvula ingakokolole m'munda. Malangizo ake ndi akale ndipo safuna ndalama: tungani madzi ndi ndowa ina, kasakanizireni kumtunda kutali ndi madzi, tsukani botolo katatu n'kuthira zotsukazo mu sipuleya, zotsuka za sipuleya muzipopere m'munda momwemo, botolo muliboole, ndipo musapopere mitambo ya mvula itachita kale bii. Siyaninso udzu ndi bango m'mphepete mwa mtsinje m'malo molima mpaka kugombe, chifukwa zimagwira dothi limene latenga mankhwala.

Aphunzitsi, muwauzenso ana kuti mtundu wa mzere wa m'munsi mwa botolo, wofiira, wachikasu, wabuluu kapena wobiriwira, umanena za kuopsa kwa mankhwalawo kwa munthu. Botolo la mzere wobiriwira likhoza kukhala loopsa kwambiri kwa mbululu. Ndipo agule mankhwala okhawo olembetsedwa ndi bungwe la boma loyang'anira mankhwala a ulimi la Pesticides Control Board, okhala m'botolo lake lenileni, osati ogawidwa m'timabotolo ndi m'timapepala pa msika, amene sudziwa n'komwe chimene chilimo.

Mayi wa ku Zomba anayankha:

Bambo Mlangizi, ndikugwirizana nanu kuti tisawanamize ana kuti mkangano wa atrazine unatha, ndipo malangizo anu a katsukidwe ka sipuleya ndi oyenera kupachikidwa pa khoma la kalasi. Koma ndikuopa kuti tikangoyang'ana pa mlingo wopha, tiphonya chimene chimachitika kawirikawiri, chomwe ndi mbululu kufa popanda mankhwala kuipha mwachindunji. Pamenepa m'pamene pagona yankho la funso la Aphunzitsi lokhudza kusungunuka.

Relyea yemweyo, pamodzi ndi Nicole Diecks, anafalitsa mu 2008 kafukufuku wa malathion, mankhwala ophera tizilombo. Anathira pang'ono kwambiri, mayikulogalamu 10 pa lita sabata iliyonse, mlingo umene suli pafupi n'komwe ndi wopha mbululu. Chimene chinafa ndi tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, timene timadya ndere zoyandama. Tizilomboto titatha, ndere zoyandama zinachuluka, madzi anabiriwira, kuwala kwa dzuwa kunaleka kufika pansi, ndipo ndere za pansi, zimene mbululu zimapala, zinachepa. Mbululu za mtundu umene umasintha msanga zinapulumuka chifukwa zinatuluka njala isanafike. Za mtundu umene umatenga nthawi yaitali zinakula mochedwa, ndipo madzi ataphwa zambiri zinali zisanamere miyendo yokwanira. Kuthira pang'onopang'ono kobwerezabwereza kunawononga kwambiri kuposa kuthira kochuluka kamodzi kokha, ndipo kupopera kwa m'madimba a tomato n'kobwerezabwereza kumene.

Taganizani tsopano za zithaphwi zathu. Mvula ikadula masabata awiri mu Januwale, chithaphwi cha m'mbali mwa munda chimatsala matope okhaokha, ndipo amene anayang'anapo bwino anaona mbululu zakuda zitaunjikana pa kadzenje kotsiriza, zikuphiriphitha, mbalame ndi nyerere zitazungulira. Mbululu ya m'madzi osakhalitsa ili pa liwiro ndi dzuwa. Chilichonse chochedwetsa kukula kwake ndi masiku ochepa, kaya njala, kaya chithokomiro chofooketsedwa, chimatha kusandutsa mbadwo wonse wa chaka chimenecho kukhala chakudya cha nyerere, ndipo palibe amene angaloze chala mankhwala chifukwa chooneka ndi maso ndi chilala.

Palinso nkhani ya mantha. Mu 2001 Relyea ndi Nathan Mills anapeza kuti carbaryl, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Sevin, amapha mbululu kuwirikiza kawiri mpaka kanayi ngati m'madzimo muli fungo la nyama yodya mbululu, ngakhale nyamayo itatsekeredwa m'kakhola kuti isazikhudze. M'chipinda choyezera mankhwala mulibe adani, koma m'dambo muli ana a tombolombo, nsomba ndi njoka. Mankhwala a gulu la carbaryl, malathion ndi chlorpyrifos amatsekereza chinthu chotchedwa acetylcholinesterase, chimene chimathandiza mitsempha kutumiza uthenga ku minofu, kotero mbululu imene sinafe imasambira mofooka, imadya pang'ono ndipo imalephera kuthawa. Tikumbukire kuti ntchemberezandonda zitalowa m'dziko muno, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi, mankhwala amene anagawidwa ndi kugulidwa kwambiri anali chlorpyrifos, wotchedwa Dursban, ndi cypermethrin, ndipo onse awiri ndi oopsa kwambiri kwa zamoyo zam'madzi.

Chinanso chimene ophunzira a kuno angachimvetse msanga ndi cha nkhono. Mu 1995 ana a sukulu ku Minnesota, ku America, anapeza pa dziwe lina achule ambiri opanda miyendo kapena a miyendo yopitirira muyeso, ndipo anthu anathamangira kunena kuti ndi mankhwala. Mu 1999 Pieter Johnson anasonyeza kuti tinyongolotsi totchedwa Ribeiroia, timene timaswana mu nkhono n'kulowa mbululu pamalo pomera miyendo, timachititsa zilema zoterezi. Tinyongolotsiti ndi ta gulu limodzi ndi timene timayambitsa likodzo. Koma nkhani sinathere pomwepo, chifukwa mu 2008 Jason Rohr ndi anzake anapeza, m'madambo a ku Minnesota komweko, kuti atrazine ndi fosifeti wa mu feteleza ndi zimene zinkasonyeza bwino kwambiri kuchuluka kwa tinyongolotsi ta gululi m'matupi a achule. Ndere za pansi zikachuluka chifukwa cha atrazine ndi feteleza nkhono zimachuluka, ndipo chitetezo cha m'thupi cha mbululu chikafooka ndi atrazine tinyongolotsi timalowa mosavuta. Choncho ngakhale wina atakana zonse za Hayes, atrazine sanatuluke pa mlandu. Ndipo si nkhani ya kutali kokha, popeza kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 anapeza atrazine ndi mankhwala ena ophera udzu otchedwa metolachlor m'madzi a m'dera la Zomba ndi Bvumbwe.

Kuti tisakokomeze, kauniuni wa dziko lonse wa 2023 anapeza kuti pafupifupi mitundu 41 pa 100 iliyonse ya achule ndi abale awo ili pa chiopsezo cha kutha, ndipo zifukwa zazikulu ndi kuwonongeka kwa malo awo, makamaka chifukwa cha ulimi, matenda ndi kusintha kwa nyengo. Mankhwala ndi katundu wowonjezera pa nyama imene yalemedwa kale.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Bambo Mlangizi, zimene mwafotokoza za chitsime cha m'dimba ndi zimene zimachitika kuno tsiku ndi tsiku, ndipo ndiyambira pamenepo chifukwa ana adzazizindikira. Mayi, nkhani ya kuchedwa kwa mbululu ndi kuphwa kwa madzi ndi imene yandiyankha funso la kusungunuka.

Ndili ndi funso lina lotsatira. Ndikufuna ophunzira aone zimenezi ndi maso awo mvula ikayamba, osangomva kwa ine. Sukulu yathu ili ndi mabeseni, magalasi okulitsa zinthu ochepa ndi marula, basi. Kodi pali ntchito imene tingachite ndi zipangizo zimenezi imene ingakhale ndi tanthauzo? Ena mwa anzanga akuti tigule mankhwala tithire m'mabeseni pa milingo yosiyanasiyana, koma mtima wanga sukuvomereza.

Wophunzira za zamoyo zam'madzi anayankhanso:

Aphunzitsi, mtima wanu ukunena zoona, musathire mankhwala m'mabeseni. Dursban ndi anzake amalowa pakhungu la mwana monga momwe amalowera pa la chule, milingo yaing'ono imene takambayi simungaiyeze ndi zipangizo za pasukulu, ndipo pamapeto pake mudzatsala ndi madzi a poizoni osowa kowataya. Ntchito yabwino ndi yoyerekeza madzi amene alipo kale.

Mvula yamphamvu ikagwa usiku, m'mawa mwake pitani ndi ophunzira ku chithaphwi chimene chili kutali ndi minda. Achule a khungu lokhakhala amaikira mazira akuda m'zingwe zazitali zolendalenda zokulungika pa udzu wa m'madzi, ndipo amenewa ndi osavuta kuwapeza ndi kuwawerenga. Dulani chidutswa cha chingwe chimodzi chokha, chifukwa mazira onse ayenera kukhala a mayi mmodzi kuti kusiyana kumene mudzaone kukhale kwa madzi, osati kwa makolo. Gawani mazira 20 m'beseni lililonse. Mabeseni atatu akhale ndi madzi a pa chithaphwi chomwecho, atatu ena a m'ngalande ya kumunsi kwa dimba lopoperedwa, ndipo ngati n'kotheka atatu enanso a kumtunda kwa dimba lomwelo. Madzi otunga kumunsi kwa dimba muwatunge inuyo mutavala magolovesi. Musagwiritse ntchito madzi a pampopi, chifukwa klorini amapha mbululu. Mabeseni akhale ofanana kukula, otsukidwa popanda sopo, madzi ofanana kuchuluka, onse pamthunzi umodzi, chifukwa kutentha kokha kumasintha liwiro la kukula. Chakudya chikhale masamba owiritsa pang'ono a m'dimba losapoperedwa, muyeso umodzi kwa onse, ndipo theka la madzi muzilisintha pakapita masiku atatu alionse ndi madzi a kumalo komweko.

Ophunzira azilemba tsiku lililonse kuti aswa angati ndipo afa angati. Ndi galasi lokulitsa aziyang'ana mchira wopindika, mimba yotupa ndi madzi, mutu waung'ono, ndiponso mbululu imene imasambira mozungulira kapena imagona chammbali osathawa ikakhudzidwa ndi kaudzu. Kamodzi pa sabata aziika mbululu m'mbale yoonekera yokhala ndi madzi pang'ono, rula ili pansi pake, n'kuyeza utali. Chofunika koposa n'kulemba tsiku limene miyendo yakumbuyo yaoneka, tsiku la miyendo yakutsogolo ndi tsiku limene mchira watha, chifukwa kusiyana kwa masiku amenewa ndiko kumene Mayi a ku Zomba amanena. Miyendo yakutsogolo ikatuluka muikemo mwala wotulukira pamwamba pa madzi, apo ayi tiachule timamira.

Muwachenjeze ana pomasulira zotsatira. Madzi a kumunsi kwa dimba amasiyana ndi a kumtunda pa zinthu zambiri, monga feteleza, matope ndi mpweya, kotero mukapeza kusiyana mudzanena kuti madziwo akukhudza kakulidwe ka mbululu, osati kuti mankhwala akutiakuti ndiwo achititsa. Kuti mfundo ilimbe, gulu lina la ophunzira lifunse mwaulemu eni madimba mayina a mankhwala amene apopera ndi masiku ake, kenako muyerekeze masikuwo ndi a kufa kapena kufooka kwa mbululu m'mabeseni. Tiachule tikamaliza kusintha mukatibweze pa chithaphwi pamene munatenga mazira, osati kwina, kuopa kufalitsa matenda a achule kuchoka pa dziwe lina kupita pa lina.